Lekani Kum'tseka Pakamwa Wophunzila Unesi Akati Ayopa Kukhala Yekha

Makoleji a unesi akatulutsa maina a amene atengedwa, m'makomboni mumakhala cisangalalo. Kalata ya malo izungulila pa WhatsApp ya banja, ba aunt a ku Kabwata atumiza tumitima, ambuya kumudzi auzidwa kuti mdzukulu wawo adzakhala nesi. Zonsezi n'zabwino. Koma mwini kalatayo amakhala na mafunso ena mumtima, ndipo akangoyesa kuwatulutsa amam'tseka pakamwa. "Nanga nikakhala nekha kumeneko? Nanga zaka zonsezi nidzapeza liti munthu wonikonda?" Yankho timalidziwa tonse, cifukwa n'limodzimodzi kucokela ku Chawama mpaka ku Kapata. Mtsikana amauzidwa kuti, "Uyenda kukaphunzila, osati kukafuna amuna." Mnyamata amauzidwa kuti, "Ndiwe mwamuna iwe, limba."

Ise tikuti yankho limeneli n'laulesi. Limveka monga nzelu za akulu, koma nchito yake ni kuthawa nkhani. Pa wailesi ya m'dela imene timathandizako, pulogilamu ya acinyamata ikafika pa nkhani za sukulu na cikondi, mauthenga amabwela oyamba na mau akuti "musatomole dzina langa", ndiyeno munthu afotokoza zimene kunyumba sangayese n'komwe kukamba. Ngati mwana aona kuti n'capafupi kuuza wailesi imene imveka tauni yonse kusiyana na kuuza amai ake pa khonde, ndiye kuti pakhomopo pali cimene calakwika.

Tiyeni tione kumene mwanayu ayenda. Dipuloma ya unesi ni zaka 3. Ambili amene amalowa ni ongotsiliza kumene Giledi 12, ena akalibe kugonapo mwezi wathunthu kunja kwa nyumba ya makolo. Wa ku Matero angapeze malo ku St Francis ku Katete, kapena ku Mwami kufupi na Chipata. Wa ku Lundazi angapezeke mu Lusaka, mu boarding house, cipinda cimodzi na anthu atatu amene sawadziwa. Wina agwela ku Mansa kapena ku Mongu, kumene olo moni wopatsa wodwala afunika kuyamba wauphunzila. Anzake onse amene anakula nawo atsala kumbuyo, ndipo umoyo wawo upitiliza popanda iye.

Sukulu imeneyi si ya m'kalasi cabe. Pakapita miyezi yocepa wophunzila avala yunifomu na kulowa mu wodi. Kumeneko asambika odwala, acotsa zofunda zonyowa, adyetsa nkhalamba imene abale ake analeka kubwela. Tsiku lina adzaimilila pambali pa bedi ya munthu amene atsilizika, ndipo adzaphunzitsidwa mokonzela mtembo ukalibe kupita ku mochale. Pa mwambo wathu nchito imeneyi ni ya akulu-akulu, ana amawapitikitsila kutali. Kuno mwana wa zaka 19 aigwila na manja ake, ndiyeno ayembekezeledwa kusamba m'manja na kupitiliza kupima odwala otsatila. Ku labour ward adzaona mai ataya magazi, adzanyamula khanda limene silinalile. Akakomboka pa night duty m'mawa, anthu onse ayenda ku nchito, iye ayenda kukagona. Pa Ciwelu pamene kuli kitchen party ya msuweni wake, ali pa duty. Pa Sondo kwaya iimba popanda iye.

Kuwonjezela apo pali lamulo la cinsinsi ca wodwala. Zimene waona mu wodi sangazikambe pa nsima, sangazilembe pa Facebook, sangauze mnzake wa ku komboni kuti mwana wa aneba wagonekedwa na matenda akuti. Lamulo limeneli n'loyenela ndipo lifunika kusungidwa. Koma tanthauzo lake n'lakuti wacicepele uyu asenza katundu wolema amene alibe kokautula. Conco akakamba akalibe kunyamuka kuti ayopa kusungulumwa, waona bwino kutsogolo. Amene tim'seka ndise amene sitidziwa kumene ayenda.

Kusungulumwa si cibwana. Mu November 2023, bungwe ya zaumoyo padziko lonse ya WHO inakhazikitsa komiti yapadela yoyang'ana nkhani imeneyi, ndipo lipoti yake ya mu 2025 inaonetsa kuti munthu mmodzi pa anthu 6 alionse padziko amavutika na kusungulumwa, maka-maka acinyamata. Akatswili amakugwilizanitsa na matenda a mtima, sitoloko na matenda a maganizo. Kuno kwathu, mu 2019 nyumba ya malamulo inapanga lamulo latsopano la umoyo wa maganizo m'malo mwa lija la nthawi ya atsamunda. Lamulo linasintha, koma pakamwa pathu pakalibe kusintha. Mpaka lelo dzina lakuti Chainama timalisewenzetsa ponyoza. Nanga mwana amene amvela nthabwala zimenezi tsiku na tsiku adzalimba bwanji mtima kukamba kuti usiku sagona, kuti amalila ku bafa kuti anzake asamvele?

Akulu ena amafewetsako mau. Amati, "Za cibwenzi yembekeza utsilize sukulu." Cabwino, tiyeni tiwelenge. Zaka 3 za koleji. Zikatha pali mayeso a laisensi a Nursing and Midwifery Council of Zambia, cifukwa popanda laisensi palibe kugwila nchito. Zikatha izo pali kuyembekeza kuti boma ilembe anthu. Mu 2022 boma inalemba anchito a zaumoyo 11,276 panthawi imodzi, ndipo dziko inasangalala cifukwa ambili a iwo anali atakhala zaka pa nyumba, mapepala ali m'cola. Olo conco, ambili anatsalabe. Pa kolela ya 2023 na 2024, pamene National Heroes Stadium inasanduka cipatala, pakati pa amene anagona pamenepo kusamalila odwala panali odzipeleka amene anali akalibe nchito. Amene wacita mwayi wolembedwa angatumizidwe ku Chama, ku Kaputa kapena ku Shang'ombo, pa kiliniki pamene anchito ni owelengeka. Akakhazikika afuna kubwelela ku sukulu kukacita za uzamba kapena digili. Manje "utsilize" ameneyu atha liti?

Cokhumudwitsa n'cakuti ba aunt amodzimodziwo amene anali kutseka mwana pakamwa, akangofika zaka 28 ni amene ayamba kufunsa pa malilo na pa maukwati kuti, "Nanga ise tidzavina liti?" Mtsikana amene kwa zaka 10 anauzidwa kuti mwamuna ni mdani wa sukulu, manje afunika kusankha mwamuna wabwino m'miyezi yocepa cabe. Nzelu zosankhila adzazitenga kuti? Palibe anam'phunzitsapo kusiyanitsa munthu amene am'konda na munthu amene afuna kum'lamulila. Palibe anam'lola kufunsa.

Sitikamba kuti makolo alibe cifukwa coyopela. Tidziwa mmene mafizi a unesi amapezekela. Kumudzi agulitsa ng'ombe na matumba a nshawa. M'tauni atate atenga loni ya pa payslip, amai alowa cilimba, nthawi zina mpaka kaloba. Banja lonse laika ciyembekezo pa mwana mmodzi, ndipo liyopa mimba, liyopa HIV, liyopa kuti mwana adzafeluka cifukwa ca mnyamata. Mantha amenewa ni eni-eni. Tonse tidziwako wina amene anabwelela kunyumba m'caka caciwili, yunifomu italeka kum'kwana.

Koma funsani bwino za atsikana amene anabwelela conco. Kodi kwawo sanawaletse? Anawaletsa, ena mpaka kuwalumbilitsa. Ciletso sicithetsa cibwenzi, cimangocikankhila mumdima. Mwana amene anauzidwa kuti "usakayese" amacitabe, koma mobisa. Ndipo tsiku limene mnyamata uja ayamba kum'menya, kum'landa foni kuti aone mauthenga, kapena kum'yofya kuti adzafalitsa zithunzi zake, mwanayo sangatume foni kunyumba, cifukwa kuti apemphe thandizo afunika coyamba kuvomela mlandu wokhala na cibwenzi. Akaona kuti mwezi wam'pita, anthu othela kudziwa ni makolo ake. Conco ciletso cimene cinaikidwa kuti citeteze ndalama za ng'ombe ndiye cimene cimacotsa makolo pa nkhani panthawi imene afunika kwambili.

Malo amene banja lasiya sakhala opanda munthu. Yendani pa geti ya hostel kapena pa boarding house iliyonse m'madzulo, mudzaona motoka za magalasi akuda. Timakonda kukamba kuti atsikana amatsatila ma blesser cifukwa cokonda ndalama. Koma blesser wocenjela sayamba na ndalama. Ayamba na funso limene kunyumba palibe anafunsapo: "Wadya? Duty yayenda bwanji lelo?" Amvetsela. Mawa atumiza bundle. Mwezi wamawa alipila lendi. Pofika apo mtsikana ali na nkhongole imene sangabweze na ndalama, ndipo kukamba za kondomu kwakhala kovuta. Palinso ena oopsa kuposa a pa geti, cifukwa ali mkati mwa mpanda. Si onse, ndipo aphunzitsi ambili ni anthu aulemu, koma alipo amene amadziwa kuti siginecha yawo pa buku ya wophunzila ni mphamvu, ndipo amaisewenzetsa molakwika. Anthu otele amadziwa kusankha. Sayamba na mwana amene ali na anzake komanso amai ake om'tumila foni. Ayamba na uja amene akudya yekha. Makolo akale anakamba kale kuti kali kokha n'kanyama.

Musaganize kuti cifukwa aphunzila za umoyo ndiye kuti ni otetezeka. Wophunzila unesi adziwa kuti PEP ifunika kuyambidwa maola 72 akalibe kukwana. Adziwa za PrEP, adziwa njila zonse za cilezi, amaimilila kutsogolo kwa azimai ku kiliniki na kuwaphunzitsa. Koma iye mwini akafuna thandizo limenelo, cipatala capafupi ni cimene aphunzililapo, ndipo ba sister amene akhala pa tebulo ni amene adzam'patsa mamakisi mawa. Ambili amasankha kukhala cete na kupemphela kuti palibe cimene cacitika. Cimene cimam'letsa ni manyazi, ndipo manyaziwo anacoka nawo kunyumba.

Manje tibwele kwa anzathu a pa Facebook na a pa siteshoni, amene nthabwala za manesi sizikutha pakamwa. Akuti nesi sakhulupilika cifukwa amagona ku nchito. Akuti nesi aliyense ni wa dokota. Ena akuti kwatila nesi cifukwa ali na payslip, adzakutengela loni. Mnyamata akalowa unesi am'funsa ngati udokota unam'kanga, ngati kuti kusamalila wodwala kumacotsa umuna. Anyamata amodzimodziwa, amai awo akagonekedwa, ni amene amathamanga m'makolido kuitana "ba nesi, ba nesi" na mau aulemu. Nthabwala zimenezi zili na mtengo wake. Mtsikana amalowa m'cibwenzi ali woweluzidwa kale, ndipo amathela mphamvu zake kutsimikizila munthu kuti analidi pa duty, mpaka kutumiza zithunzi za mu wodi zimene lamulo silim'lola. Mnyamata amabisa cimene aphunzila akakumana na mtsikana. Munthu amene agwila nchito usiku kuti m'bale wanu aone kuwala kwa m'mawa afunika ulemu, ndipo ngati simukwanitsa kum'khulupilila, m'siyeni apeze wina.

Palinso uphungu wina wa anzathu umene umveka wacifundo koma ni woipa cimodzimodzi: "Peza cabe munthu, udzaleka kusungulumwa." Cibwenzi si mankhwala a kusungulumwa. Munthu angakhale na cibwenzi ca zaka ziwili koma n'kukhalabe alibe womuuza kuti lelo wodwala wanga wamwalila. Amene alowa m'cibwenzi cifukwa ca njala ya munthu wokamba naye amavomela zilizonse, cifukwa ayopa kuti akakana adzabwelela ku cipinda cija ca zii. Amene ali na anzake, ali na m'bale wom'mvetsela, amakwanitsa kukamba kuti "awe" na kucokapo. Ndiye cifukwa cake tikuti ciletso ca makolo na cikakamizo ca anzathu zonse zimasiya mwana pamalo amodzi: yekha, pamaso pa munthu woyamba amene adzam'mwetulila.

Nanga tifuna ciani? Kwa makolo, ba aunt na ba uncle: pamene mugula bulangeti, baketi na nsapato za ku wodi, pezani madzulo amodzi okhala pansi na mwana. M'funseni cimene ayopa, ndipo akayankha musaseke. Mwambo wathu sunali wa cete pa nkhani izi. Kunali ambuya, kunali atsibweni, kunali alangizi. Lelo alangizi timawaitana ukwati ukatsala milungu iwili, pamene zosankha zonse zinapangidwa kale. Ngati imwe atate simukwanitsa, sankhani m'bale amene mwana amamasuka naye, ndipo m'patseni nchitoyo poyela. Mukatuma foni musayambe na za mayeso nthawi zonse. Ndipo pali mau amodzi amene mwana aliyense afunika kunyamula mu sutukesi: "Cikavuta ciliconse, olo ni mimba, uyambe kuuza ise." Mau amenewa sanapatsepo munthu mimba. Amangotsimikizila kuti tsiku loipa likafika, foni yoyamba idzalila kwanu.

Kwa makoleji, a boma, a mishoni na a pulaiveti: mumaphunzitsa ana kuona zizindikilo za kupsinjika maganizo mwa odwala, ndiye yang'ananinso m'kalasi mwanu. Pakhale mlangizi amene sacongako mayeso, cifukwa palibe mwana adzaulula za mumtima kwa munthu amene agwila mamakisi ake. Ophunzila akaona imfa yoyamba mu wodi, wina wamkulu akhale nawo pansi olo mphindi 30. Wa caka coyamba aliyense apatsidwe wa caka cacitatu wom'yang'anila. Pakhale njila yodandaulila za mphunzitsi kapena wanchito wa mu wodi imene sipita pa tebulo ya munthu yemweyo. Koleji imene ikwanitsa kukumbutsa mwana aliyense za balansi ya mafizi ikalibe kum'lola kulemba mayeso, ingakwanitsenso kudziwa mwana amene wakhala milungu iwili osatuluka m'cipinda.

Ndipo kwa imwe amene kalata ili m'manja: mantha anu satanthauza kuti unesi sukuyenelani. Musayembekeze kuti anzanu adzakupezani okha. M'milungu yoyambilila, pamene aliyense akali mlendo, ni pamene ubwenzi umapangika mosavuta. Pezani anthu awili kapena atatu odya nawo na kuwelenga nawo. Amenewo ndiwo adzamvetsa zimene mwaona mu wodi popanda imwe kuphwanya cinsinsi ca wodwala. Pezani chechi, kwaya kapena timu ya bola pafupi, kuti pakhale malo amodzi kumene simuli "ba student". Sungani munthu mmodzi wamkulu amene mungam'tumile foni pakati pa usiku.

Za cibwenzi, simufunika kuthamanga ndipo simufunika kulumbila kuti simudzayang'ana munthu mpaka graduation. Ena amapeza mnzawo wa umoyo wonse m'kalasi, ena amam'peza patapita zaka, ndipo onse ali bwino. Cacikulu ni kuona mmene munthuyo acitila na nchito yanu. Kodi amakulekani mugone mukacoka ku night duty? Kodi amakalipa foni ikakhala yozima pamene muli mu wodi? Kodi amalola anzanu na abale anu kum'dziwa, kapena afuna zonse zikhale zobisika? Kodi mayeso akayandikila amakupatsani mpata? Ngati munthuyo ndiye agwila mamakisi anu kapena lendi yanu, dziwani kuti tsiku lokana lidzakhala lovuta. Ndipo zikafika pa kumenyedwa kapena kuyofyedwa, ku polisi kuli Victim Support Unit, ndipo nambala ya 933 ya Lifeline ni yaulele. Izi zikhudza anyamata cimodzimodzi. Kulimba kumene anakuuzani kuja sikutanthauza kufela mkati.

Pa mapulogilamu otumila foni, dandaulo limene silisowa ni la manesi aukali, amene amayankha odwala monga awalakwila. Madandaulo ena ni oona, ndipo zifukwa zake n'zambili: odwala oculuka, anchito ocepa, mankhwala osowa. Koma tifunsenso kumene ukali wina umayambila. Tikatenga mwana wa zaka 19, n'kumuika pakati pa imfa na magazi, n'kumuuza kwa zaka 3 kuti zimene amvela mumtima zilibe nchito, amaphunzila phunzilo limenelo bwino-bwino. Tsiku lina adzaliseweenzetsa pa ise, titagona pa bedi. Conco mwana wanu, mng'ono wanu kapena mnzanu akakuuzani kuti ayopa kukakhala yekha ku sukulu ya unesi, ikani foni pansi, m'patseni mpando, ndipo m'lekeni atsilize kukamba.